Kalata yotseguka kwa akuluakulu a EPA ndi CARB pa nkhani ya utsi ndi mpweya wa m'ma RV

Kwa Olemekezeka
Mkulu wa bungwe la Environmental Protection Agency (EPA), Washington
Wapampando wa bungwe la California Air Resources Board (CARB), Sacramento
Aphungu a Congress amene mumaona za mpweya ndi zachilengedwe

Akuluakulu,

Ndakulemberani pa nkhani ya ma RV, magalimoto ndi ngolo zija zokhala ndi bedi, khitchini, bafa ndi chimbudzi m'kati mwake. Anthu a ku America amayendera zimenezi pa tchuthi, ndipo alipo ambiri amene akugonamo chaka chonse chifukwa lendi yawakulira. Dandaulo langa ndi lakuti ma RV amalowa m'malamulo anu mwangozi. Amakodwa m'lamulo la malole onyamula katundu, m'lamulo la makina otchetchera kapinga, m'lamulo la matabwa, koma si kawirikawiri pamene wina mwa inu anakhala pansi n'kuyang'ana chinthucho mmene chilili, amene amachipanga ndi amene amapuma mpweya wa m'kati mwake. Mwakangana kwambiri pa utsi wa ma motorhome akuluakulu (ma RV okhala ndi injini yawoyawo), amene ndi ochepa, ndipo mpweya umene uli pamphuno pa anthu mwausiya.

Mu Juni 2020 bungwe la CARB linavomereza lamulo la Advanced Clean Trucks. Lamuloli linati kuyambira magalimoto a chaka cha 2024, kampani iliyonse yopanga malole ikamagulitsa ku California, gawo lina la malonda ake lizikhala la magalimoto osatulutsa utsi, ndipo gawolo lizikwera chaka ndi chaka mpaka lifike 75 pa 100 aliwonse mu 2035 kwa malole apakati ndi akuluakulu osakoka ngolo. Patangopita miyezi iwiri kunabweranso lamulo la Omnibus, lotsitsa mpweya woipa wa NOx (ma oxide a nayitrojeni) wotuluka mu injini zazikulu kuchoka pa magiramu 0.2 kufika pa 0.05 pa horsepower iliyonse pa ola, kenako 0.02 mu 2027. Zigawo za New York, New Jersey, Massachusetts, Oregon, Washington ndi zina zinatengera lamulo la malolelo, monga ndime 177 ya Clean Air Act, lamulo la dziko lonse loteteza mpweya, imazilolera.

Cholinga chake sindikuchitsutsa. Aliyense wodziwa mbiri ya Los Angeles amadziwa chifukwa chimene California inapatsidwa ufulu wokhala ndi malamulo ake okhwima. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 wasayansi Arie Haagen-Smit anasonyeza kuti chifunga choyabwa m'maso chimene chinkaphimba mzindawo chinkachokera ku utsi wa magalimoto ukapsa ndi dzuwa, ndipo mu 1967 Ronald Reagan, ali bwanamkubwa, anasaina lamulo lokhazikitsa CARB. Mpaka lero ana a m'chigwa cha San Joaquin ndi a m'mbali mwa misewu yochokera ku madoko a Los Angeles ndi Long Beach akudwala mphumu chifukwa cha dizilo. Lole imene imazungulira m'tauni tsiku lonse, n'kubwerera kudepoti yomweyo madzulo, ndi yoyenera kukhala yamagetsi, ndipo opanga akanangosiyidwa okha sakanafulumira.

Koma motorhome si lole yoperekera katundu. Imakhala chiimire miyezi yambiri, kenako n'kunyamuka ulendo wa mamailosi mazanamazana tsiku limodzi, kukwera mapiri, itasenza madzi, mipando ndi firiji, mwinanso ikukoka galimoto yaing'ono kumbuyo, kupita kumalo amene anthu amawakonda chifukwa choti kulibe chilichonse, kuphatikizapo potchajira. Chinanso chimene lamulolo silinachione n'chakuti opanga ma motorhome monga Winnebago, Newmar, Tiffin ndi anzawo sapanga injini, ndipo ambiri sapanga ngakhale chasisi. Amagula chasisi yathunthu, ya injini ndi matayala, kwa Freightliner Custom Chassis ku Gaffney, South Carolina, kwa Spartan ku Charlotte, Michigan, kwa Ford kapena Mercedes-Benz, iwo n'kumangapo nyumba pamwamba. Lamulo linamanga wopanga chasisi. Iyeyo ataona kuti injini iliyonse ya dizilo imene wagulitsa ku California ikumuika m'ngongole ya makirediti (mapointi amene kampani imapeza ikagulitsa magalimoto osatulutsa utsi), anawerengera. Mwachidziwikire anasunga mwayi wochepawo kuti autumikire makasitomala ake ogula malole mazana nthawi imodzi, ndipo opanga ma motorhome anauzidwa kuti machasisi ena a 2025 opita ku California ndi zigawo zinazo sapezeka. Chasisi yamagetsi yoti n'kunyamula motorhome yaikulu panalibe pamsika. Galimoto yoyeserera ya Winnebago, eRV2 ya mu 2023, inali yaing'ono, yomangidwa pa Ford E-Transit, ndipo inkayenda mamailosi ongopitirira pang'ono 100 batire isanathe.

Pamenepo kunabuka kutsutsana kumene sikunathandize aliyense. Ogulitsa ankafuula kuti California yaletsa ma motorhome. A CARB munayankha kuti palibe chiletso, kampani ikhoza kugula makirediti kwa inzake, ndipo mu Okutobala 2024 munasintha lamulo kuti omanga pamwamba pa chasisi nawonso azitha kugula makirediti. Papepala munali kunena zoona. Pabwalo la ogulitsa, pomwe galimoto yoitanitsidwa sinabwere, nawonso ankanena zoona. Chimene chinasowa ndi munthu wofunsa pasadakhale kuti kodi gulu laling'ono la ogula lidzatani mwini machasisi akadzayamba kugawa zochepa.

Mapeto ake mukuwadziwa. Pa 12 Juni 2025 Pulezidenti Donald Trump anasaina zigamulo za Congress zochotsa zilolezo zimene EPA inapatsa California pa Advanced Clean Trucks, pa Omnibus ndi pa lamulo la magalimoto ang'onoang'ono. Aphungu munagwiritsa ntchito Congressional Review Act, lamulo lolola Congress kufafaniza malamulo a mabungwe a boma, ngakhale ofesi ya Government Accountability Office ndi mlangizi wa malamulo a Senate anali atanena kuti zilolezo zotere sizigwera pansi pa lamulo limenelo. California ndi zigawo zina zinapita kukhoti tsiku lomwelo. Mu Ogasiti makampani anayi opanga malole anasumira CARB pa pangano la Clean Truck Partnership limene iwo eni anasaina mu 2023 polonjeza kutsatira malamulo a utsi a California. Mwezi wa Julayi EPA inali italengeza kale maganizo ofafaniza chigamulo cha mu 2009 chonena kuti mpweya wotenthetsa dziko ndi woopsa kwa anthu, chimene chinali maziko a malamulo onse a kaboni wa magalimoto.

Ambiri m'makampani a ma RV anaombera m'manja. Ine ndikuona kuti walira mvula walira matope. Injini yatsopano ya dizilo imatenga zaka kuti ipangidwe, iyesedwe ndi kuvomerezedwa, ndipo wopanga motorhome ayenera kudziwa kukula kwa injiniyo, kutentha kwake ndi pamene zosefera utsi zidzakhale asanajambule n'komwe chipinda chogona. Clean Air Act yomwe imazindikira zimenezi: imati malamulo a injini zazikulu aziperekedwa zaka 4 asanayambe kugwira ntchito, ndipo akhale osasintha kwa zaka 3. Mu Disembala 2022 EPA inakhazikitsa mlingo wa NOx wa 0.035 wa dziko lonse kuyambira 2027, opanga injini n'kuthira ndalama zambiri pokonzekera. Ngati mlingo uliwonse uzikhala wodikira chisankho chotsatira kapena woweruza wotsatira, kampani yanzeru imangoima n'kumaonerera, ndipo amene anafulumira kutsatira lamulo ndiye amaluza.

Olipira chisokonezo chotere sali ku Washington kapena ku Sacramento. Ali ku Elkhart, ku Goshen, ku Middlebury ndi ku Nappanee, kumpoto kwa Indiana, kumene kumapangidwa pafupifupi ma RV 8 pa 10 aliwonse a ku America. Kumeneko kuli Thor Industries, eni ake a Jayco, Keystone ndi Airstream, kulinso Forest River ya Berkshire Hathaway. Antchito ambiri, kuphatikizapo a chipembedzo cha Amish, amalowa m'fakitale kusanache ndipo amalipidwa molingana ndi chiwerengero cha zimene amaliza. Maoda akachepa, malipiro amatsika sabata yomweyo. Mu 2009 ulova ku Elkhart unayandikira 20 pa 100, n'chifukwa chake Barack Obama anapitako mu Febuluwale chaka chimenecho atangolowa mu ofesi. Koma pano ndichenjeze: musalole kuti dzina la Elkhart lizigwiritsidwa ntchito ngati chishango nthawi iliyonse pakabwera lamulo. Ma RV otumizidwa kwa ogulitsa anatsika kuchoka pa 600,000 mu 2021 kufika pa 313,000 mu 2023, ndipo chinagwetsa msika si CARB ayi. Chiwongoladzanja chinakwera, komanso anthu anali atagula kale mothamanga nthawi ya Covid-19. Wina akadzabwera ndi chiwerengero chimenechi kudzalira za malamulo a utsi, mudzamufunse bwino.

Njira ya ma motorhome ilipo, ndipo munaiyenda kale. M'lamulo la EPA la mu 2016 la kaboni wa magalimoto akuluakulu munaika gulu lapadera la machasisi opangidwira ntchito imodzi, momwe munali ma motorhome, mabasi a sukulu, magalimoto otaya zinyalala ndi ozimitsa moto, lililonse ndi mlingo wake. Bwererani kumeneko. Pa NOx ndi mwaye musachite nawo chifundo: injini yoyera imene ikulowa mu lole ikhoza kulowanso mu motorhome, ndipo munthu wogula galimoto ya madola zikwi mazana angapo sangalire ndi mtengo wa sefa. Koma pa za magetsi, ikani mlingo wa kaboni wotsika pang'onopang'ono, wolengezedwa zaka zambiri pasadakhale, n'kuwasiya asankhe njira. Thor ndi kampani ya Harbinger anaonetsa kale mu 2024 motorhome yoyenda ndi batire yokhala ndi kainjini ka petulo kongotchajira. Makina otere ndiwo angagwire ntchito m'chipululu cha Utah zaka zikubwerazi, ndipo lamulo longowerenga magalimoto opanda utsi kotheratu siliwapatsa mpata wokwanira.

Komabe ma motorhome ndi kagawo kochepa. Pafupifupi ma RV 9 pa 10 aliwonse ndi ngolo zokokedwa, zopanda injini. Utsi wa ulendo wa ngolo umatuluka m'pikapu imene ikuikoka, ndipo apa m'pamene pali chinyengo chodziwika. Mu 2020 a EPA nokha munawerengera kuti mapikapu a dizilo oposa 550,000 anali atachotsedwa zida zoyeretsera utsi, ndipo pa moyo wawo wonse adzatulutsa matani oposa 570,000 a NOx owonjezera. Mu Disembala 2023 kampani ya Cummins inavomera kulipira chindapusa cha madola 1.675 biliyoni pa mlandu wa zida zozembera mayeso mu injini za mapikapu a Ram 2500 ndi 3500, omwe ndi ena mwa magalimoto okondedwa kwambiri pokoka ngolo zazikulu. Pikapu imodzi yochotsedwa sefa, yoyenda tsiku lililonse, imaipitsa mpweya kuposa ma motorhome angapo atsopano oima m'galaja. Kugwira ogulitsa zida zimenezi sikufuna lamulo latsopano. Kumafuna ofufuza ndi ndalama zowalipira, zinthu zimene zimayamba kudulidwa bajeti ikavuta.

Tsopano ndifike pa chimene chandilembetsa kalatayi kwenikweni, chomwe ndi mpweya wa m'kati.

Mphepo ya mkuntho ya Katrina itagumula nyumba ku Louisiana ndi Mississippi mu 2005, bungwe la boma lothandiza pa ngozi zogwa mwadzidzidzi, FEMA, linagula ngolo zoposa 100,000 kuti anthu apezeko pogona. Zambiri zinali ma RV opangidwa mwachangu. Posakhalitsa okhalamo anayamba kudandaula mutu, kutuluka magazi m'mphuno, maso kuyabwa ndi ana kubanika. Zinatenga nthawi yaitali kuti boma livomere kuyeza. Pamene CDC, nthambi ya boma yolimbana ndi matenda, inayeza ngolo 519 kumapeto kwa 2007 ndi kumayambiriro kwa 2008, inapeza mpweya woyabwa wotchedwa formaldehyde wa ma ppb 77 (magawo 77 pa biliyoni) pa avereji, kuchulukitsa kangapo mlingo wa m'nyumba wamba, ndipo m'ngolo zina munali wochuluka koopsa. Gwero lake linali guluu wa m'matabwa omata amene amapangira makoma, makabati ndi pansi. Chodabwitsa n'chakuti panalibe lamulo lenileni limene linathyoledwa. Nyumba zopangidwa m'fakitale zinali ndi malire a formaldehyde ochokera ku unduna wa za nyumba, HUD, kuyambira m'zaka za m'ma 1980, koma ngolo za maulendo zinkawerengedwa ngati magalimoto, choncho malirewo sanazikhudze.

Chimene chinatsatira ndi chitsanzo chabwino kwambiri cha ntchito yanu, ndipo n'zachisoni kuti simuchitchula kawirikawiri. CARB inavomereza malire a formaldehyde m'matabwa omata mu 2007. Congress inawatenga n'kuwasandutsa a dziko lonse mu 2010, aphungu a zipani zonse ziwiri atagwirizana. EPA inamaliza malamulo ake mu 2016, ndipo kuyambira Juni 2018 plywood yogulitsidwa ku America siyenera kupitirira 0.05 ppm (magawo pa miliyoni), particleboard 0.09, MDF 0.11. Mlingo unali umodzi, womveka, woyezeka, wolengezedwa nthawi ilipo. Opanga guluu anasintha zosakaniza, opanga ma RV anagula matabwa ovomerezeka, mitengo sinalumphe, ndipo mu 2021 anagulitsa ma RV ochuluka kuposa chaka china chilichonse m'mbiri yawo. California inatsogola, dziko lonse linatsatira, ndipo palibe anafuna kufafaniza lamulolo boma litasintha.

Koma ntchitoyo inathera panjira. Lamulo limayeza thabwa limodzilimodzi m'chipinda choyesera. Siliyeza mpweya wa m'ngolo yomalizidwa. RV ndi kabokosi kakang'ono kodzaza matabwa, guluu, thovu la m'mipando, kapeti ndi pulasitiki, moti zinthu zotulutsa mpweya n'zambiri poyerekeza ndi malo opumiramo. Ikaima padzuwa la ku Arizona kapena Texas mawindo ali chitsekere, kutentha ndi chinyezi zimafulumizitsa kutuluka kwa mankhwalawo. Bungwe la IARC, lofufuza za khansa padziko lonse, linaika formaldehyde m'gulu la zoyambitsa khansa mu 2004. Matabwa khumi, lililonse lokhoza mayeso palokha, akhoza kudzaza kachipinda ndi mpweya wosayenera mwana wakhanda. Mu 2018 HUD inatsimikiza kuti ma RV ali kunja kwa malamulo ake a nyumba bola amangidwe motsatira miyezo ya kamangidwe ya NFPA 1192 kapena ANSI A119.5, ndipo amene amayendera mafakitale n'kupereka chidindo ndi bungwe la opangawo, RV Industry Association. Maziko a zonsezi ndi mawu akuti RV ndi yokhalamo kwa kanthawi. Pitani m'misewu ya Oakland kapena Los Angeles, kapena ku Quartzsite, katauni ka ku chipululu cha Arizona, m'nyengo yozizira, mukaone ngati okhalamo onse ndi a kanthawi. Okalamba, anamwino oyendayenda, amisiri a zomangamanga ndi mabanja osowa nyumba akugona m'menemo usiku uliwonse.

Chimene ndikupempha n'chaching'ono poyerekeza ndi nkhondo ya malole. Mtundu uliwonse watsopano wa RV uziyezedwa uli womalizidwa, wotseka, pa kutentha kofanana ndi kwa chilimwe, ndi labotale yosadalira kampaniyo. Zotsatira zake zizimatidwa pakhomo, pafupi ndi chikwangwani cha kulemera kwake, kuti wogula aziziona. Poyamba musaike n'komwe malire. Ingolamulani kuti chiwerengerocho chizilembedwa, ndipo mudzaona mmene makampani adzapikisanire kuchitsitsa.

Za jenereta ndinena mwachidule. Lamulo la California la injini zing'onozing'ono, lochokera ku bilu ya AB 1346 ya mu 2021, likufuna kuti majenereta atsopano a petulo ndi gasi asamatulutse utsi kuyambira 2028. Kwa RV yaing'ono zimenezi n'zotheka: mabatire a lithium ndi sola zatsika mtengo, ndipo jenereta yolira usiku pansi pa bedi yapha anthu ndi carbon monoxide. Chovuta ndi makina oziziritsira m'chipinda, amene amamaliza batire m'maola ochepa. Kwa munthu wokhala m'ngolo ku Central Valley mu Julayi, kuziziritsa si kudzikongoletsa, ndi nkhani ya moyo. Nenani msanga ndi momveka mmene majenereta omangiriridwa m'galimoto adzawerengedwere, opanga asadzamve mawu omaliza chaka chomwecho ngati mmene zinachitikira ndi machasisi.

Musaiwalenso a m'fakitale. Makoma ndi mbali zina za fiberglass zikamapangidwa zimatulutsa mpweya wa mankhwala a styrene, amene IARC inamukweza mu 2018 kukhala m'gulu la zinthu zomwe mwina zimayambitsa khansa. Lamulo la EPA lokhudza mafakitale otere ndi la mu 2003, ndipo kulondoloza kwake kwa tsiku ndi tsiku kuli m'manja mwa nthambi ya zachilengedwe ya Indiana. Mafakitale ambiri ang'onoang'ono akadzadzana m'maboma awiri kapena atatu, aliyense akhoza kukhala pansi pa malire ake pamene mpweya wa m'deralo ukulemera. Yezani mpweya wa m'midziyo, osati mapepala a zilolezo okha. Ndipo plywood yopepuka ya lauan imene makampaniwa amaikonda imachokera kwambiri ku nkhalango za Indonesia. Lacey Act inakulitsidwa mu 2008 kuti iletse matabwa odulidwa mophwanya malamulo, koma mtengo ukhoza kudulidwa ndi chilolezo nkhalango ya ku Borneo n'kutha ndithu. Ogula akuluakulu ngati Thor, Forest River ndi Winnebago ndi ochepa moti atalamulidwa kuulula kumene matabwa awo achokera, msika wonse ungasinthe.

Kwa inu aphungu, ntchito yanu ndi yosiyana ndi ya mabungwewa. Congressional Review Act imaletsa bungwe kubwereza lamulo lofanana ndi limene lachotsedwa, choncho mpata umene munatsegula mu Juni 2025 sungatsekedwe ndi EPA yokha, kaya pa mpando pakhale ndani. Itanani California, zigawo zimene zinaitsatira, opanga injini, opanga ma RV ndi madokotala a matenda a m'mapapo, mulembe mlingo umodzi wa ma motorhome wokhala ndi madeti ake m'lamulo lenileni, ngati mmene munachitira ndi formaldehyde mu 2010. M'lamulo lomwelo muikemo ndime yoyeza mpweya wa m'ngolo yomalizidwa, ndipo mutchule bungwe limene lidzayankhe pa zimenezo, chifukwa pakadali pano HUD imati ndi galimoto, oona za magalimoto amayang'ana mabuleki ndi matayala, ndipo EPA imathera pa thabwa.

Ine wanu,
Wotsatira nkhani za mpweya ndi magalimoto